Ma issue akale atikwana pa repo, ndiike stale bot?

chule_dev: Anzanga thandizeni, repo yathu ya open source ma issue ali mbwee, ena a 2021 mpaka lero ali open, wina anangolemba kuti "sikugwira" basi, version osatchula, log osaika, ukamufunsa ali zii. Ma maintainer tilipo ochepa ndipo tonse masana tili kuntchito kwina. Ndikufuna ndiike actions/stale, bot ya pa GitHub yotseka yokha ma issue amene akhalitsa opanda wolankhula, isese zonsezi ndipumeko. Alipo akuigwiritsa ntchito?

mbewa_sys: Ayi achimwene musatero. Pa default ikaona masiku 60 opanda wolankhula imaika label ya stale, pakatha masiku 7 yatseka. Bug siichoka chifukwa anthu atopa kulemba, ikadali mu code momwemo.

kachere: Ikani koma pa only-labels mulembe needs-info, izitseka okhawo amene munafunsa funso mwini wake osayankha. Amene mwawayesa nokha nkuona kuti bug ilipodi apatseni label ya confirmed, muiike pa exempt-issue-labels kuti bot isawakhudze. Ma PR (code imene anthu akutumiza kuti ilowe mu repo) imawagwiranso, days-before-pr-stale muike -1 kuti iwasiye, apo ayi mukwiyitsa anthu okuthandizani ulere. Ndipo yambani ndi debug-only muone kaye zimene ikufuna kutseka.

mbewa_sys: Ngakhale needs-infoyo. Kumene ndinkagwira kale bot inatseka issue ya data kusowa intaneti ikaduka pakati pa sync, amene analemba anali kumudzi, network yovuta, magetsi akuzimazima, masiku 7 akanayankha bwanji? Patapita miyezi wina anatsegulanso yomweyo, tinayamba kufufuza kuchokera pachiyambi chonsecho screenshot zonse zinali mu yotsekedwa ija.

gologolo: A Kubernetes, project yaikulu ya open source, amadikira masiku 90 kuti issue ikhale stale, ena 30 rotten, ena 30 nkutseka, ndipo yofunika amaiika /lifecycle frozen kuti bot isaitseke. Koma kawerengeni ma thread awo, ena angodzaza ndi /remove-lifecycle stale, munthu kubwera miyezi itatu iliyonse kudzangouza bot kuti vuto lidakalipo.

mbewa_sys: Ndi zomwe ndikunenazo akulu. Atseke ndi munthu, atayesa pa version yatsopano, alembe chifukwa chake.

chule_dev: Munthuyo ndi ndani mbewa, ndati tilipo ochepa, nthawi yoyesa issue iliyonse ndiitenga kuti?

kachere: Tsekani kaye pachipata, issue form ya YAML, version ndi steps zikhale required, zatsopano zisamabwere zopanda kanthu.

gologolo: Required amangolembamo kadontho nkudutsa, ndaziona. Kodi alipo anasamutsako mafunso kupita ku Discussions, malo okambirana a pa GitHub? Kwathu theka la "ma bug" ndi anthu olephera ku installer.

mbewa_sys: Samutsani, koma bot isatseke.