Masamba a croton akuyoyoka ndipo atsopano akuphuka obiriwira okhaokha

Wokonda Maluwa analemba kuti:

Ndikupempha thandizo kwa inu amene mwasamalirapo zomera za m'nyumba kwa nthawi yaitali. Masabata atatu apitawa ndinapatsidwa chomera chokongoletsera m'nyumba, croton wa mtundu umene amautcha Petra, wa masamba akuluakulu okhala ndi mitsempha yachikasu ndi yofiira. Ndinamuika pakona ya chipinda chochezera, pafupi ndi chitseko chotulukira panja, chifukwa ndi pamene aliyense wolowa m'nyumba akanamuona bwino. Pasanathe sabata, masamba a m'munsi anayamba kuyoyoka, moti m'mawa uliwonse ndimatola awiri kapena atatu pansi, ena akadali olimba ndi onyezimira ngati palibe chimene chawavuta. Masamba awiri amene aphuka kumene kunsonga ndi obiriwira okhaokha. Poopa kuti akuuma, ndakhala ndikumuthirira tsiku ndi tsiku. Kodi chomerachi chikufa, kapena pali zimene ndingakonze nthawi isanathe?

Mlimi Wakale anayankha kuti:

Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa zimene mwafotokozazi zimachitikira anthu ambiri amene angolandira kumene croton. Chomerachi, chimene akatswiri amachitcha Codiaeum variegatum, kwawo ndi kumadera otentha ndi achinyezi a ku Indonesia, Malaysia, kumpoto kwa Australia ndi zilumba za kumadzulo kwa nyanja ya Pacific, kumene nyengo sisinthasintha kwambiri. N'chifukwa chake chikangosamutsidwa chimataya masamba ena pofuna kuzolowera malo atsopano, ndipo masamba oterowo amagwadi akadali okongola monga mwaoneramu.

Komabe malo amene mwasankhawo ali ndi mavuto awiri. Loyamba ndi chitseko: nthawi iliyonse chikatsegulidwa, mphepo imaomba chomeracho, pamene croton amafuna kutentha kokhazikika kwa madigiri 18 mpaka 29 a Celsius, ndipo kukazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 15 amayamba kuvutika. Lachiwiri, limene ndikuliona kuti ndi lalikulu, ndi mdima wa pakona. Kufiira ndi chikasu chimene munakopeka nacho zimabwera ndi kuwala kwambiri, ndipo chomera chikakhala pamthunzi chimachulukitsa kubiriwira kuti chithe kupanga chakudya ndi kuwala kochepa kumene chikupezako. Msamutseni kamodzi kokha, mumuike pafupi ndi zenera lolowa dzuwa la m'mawa kwa maola angapo, kenaka musamusunthenso. Ngati zenera lake limalowa dzuwa loswa mtengo la masana, ikani katani yopyapyala kuti masamba asapse.

Za masamba atsopanowo musade nazo nkhawa msanga. Masamba a Petra amayamba ali obiriwira kapena achikasu pang'ono, ndipo amafiira akamakhwima, bola kuwala kukhale kokwanira.

Kuthirira tsiku ndi tsiku mulekeretu lero lomwe. Pisani chala m'dothi masentimita awiri kapena atatu. Mukamva kuti pauma, thirirani mpaka madzi atulukire kumabowo a pansi pa mphika, ndipo mutaye madzi otsalira m'mbale yapansi. Mizu ikakhalitsa m'madzi imaola, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti chomera cha mizu yoola chimafota ngati chili ndi ludzu, mwini wake n'kumaonjezerabe madzi.

Mayi wa Zomera Zambiri anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi zonse zimene bambo anenazi, koma ndikupempheni, achemwali, kuti mutembenuze masamba angapo muone kunsi kwake. Croton wanga woyamba ndinamutaya chifukwa cha akangaude ofiira, tizilombo tating'ono kwambiri timene timachuluka mpweya wa m'nyumba ukauma. Ndinazindikira mochedwa, nditaona timadontho totuwa pamasamba ndi ulusi wopyapyala pamene tsamba limalumikizana ndi thunthu. Njira yosavuta yodziwira ndi kuika pepala loyera pansi pa tsamba n'kuligwedeza. Mukaona timadontho tikuyenda papepalapo, ndi iwowo. Pukutani masamba mbali zonse ndi kansalu konyowa kamodzi pa sabata, zimene zimachotsanso fumbi lotchinga kuwala.

Chinthu china chimene sindingachisiye ndi utomoni. Mukathyola tsamba la croton pamatuluka utomoni umene umayabwa pakhungu, umathimbiriritsa zovala, ndiponso ndi woopsa ukalowa m'maso kapena m'kamwa. Valani magolovesi pomudulira, ndipo ngati m'nyumba muli ana aang'ono, amphaka kapena agalu, mphikawo ukhale pamalo amene sangaufikire.

Wophunzira Zaulimi anayankha kuti:

Ndingoonjezerapo pa nkhani ya chinyezi, popeza ambiri amalangiza kuwaza madzi pamasamba. Ine ndimaona kuti kuwazako kumathandiza kwa mphindi zochepa chabe, madziwo n'kuuma. Ndi bwino kuika zomera zingapo pamodzi, kapena kukhazika mphikawo pambale ya timiyala yokhala ndi madzi pang'ono, pansi pa mphika posakhudza madziwo. Ndikupemphaninso kuti pakadali pano musathire feteleza kapena kusintha mphika, ngakhale mtima ukufuna kuchitapo kanthu. Dikirani mpaka muone masamba atsopano akuphuka bwino pamalo atsopanowo, ndipo mukadzasintha mphika, watsopanoyo adzangoposa wakaleyo ndi masentimita atatu kapena asanu m'lifupi. Kuti mudziwe ngati nthambi imene yatsala yopanda masamba ili moyo, ikandeni pang'ono ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mobiriwira, ikhoza kuphukanso.

Wokonda Maluwa analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha malangizo omveka bwinowa. Nditanyamula mphika ndinapeza kuti m'mbale yapansi munali madzi odzaza, ndipo dothi linali lonyowa ngati matope, choncho ndataya madziwo ndipo sindithiriranso mpaka pamwamba pataumadi. Ndayesa njira ya pepala loyera ija pa masamba asanu ndipo sindinaone chilichonse chikuyenda. Ndakandanso thunthu m'munsi mmene masamba anayoyoka, ndipo mkati ndi mobiriwira. Tsopano croton wanga ali patebulo pafupi ndi zenera la kum'mawa, kutali ndi chitseko komanso kutali ndi mwana wanga wamng'ono, ndipo ndidzalembanso pakatha mwezi umodzi kuti ndikuuzeni ngati masamba awiri akunsonga aja ayamba kufiira.