Ndani ali ndi mawu omaliza pa malo omwe mudzi wonse umadalira?

Mlembi wa komiti ya mudzi analemba:

Ndabweretsa nkhani iyi kuno chifukwa yatikulira m'komiti mwathu. Kumtunda kwa mudzi wathu kuli kankhalango kachilengedwe komwe kazungulira kasupe amene mabanja ambiri amatungapo madzi. Bambo wina wa m'mudzi momwemo, yemwe banja lake lakhala likulima m'mphepete mwa kankhalangoko kuyambira kale, anapempha kuti agwetse mitengo mbali imodzi n'kumangapo nyumba zochititsa lendi. Komiti itakumana, mamembala ambiri anavomera, ena ponena kuti achinyamata apezapo ntchito, ena poganizira kuti wopemphayo ndi munthu wothandiza pa zochitika za mudzi. Amayi otunga madzi pakasupepo anamva zonse zitagamulidwa kale, ndipo anapita kukadandaula ku khonsolo. Akukhonsolo atiyankha kuti komiti ilibe mphamvu yopereka chilolezo chomanga, koma mpaka pano sanabwere kudzaona malowo, pomwe wopempha uja wayamba kale kuunjika njerwa.

Funso langa ndi lakuti, kodi mphamvu za komiti ya mudzi zimalekeza pati pa nkhani yomanga ndi yosamalira chilengedwe? Ngati mawu omaliza ali ku khonsolo, ntchito yathu ndi yotani, popeza ife ndi amene timakhala pamalopo ndipo ndife tidzavutike kasupeyo akadzaphwa?

Woyeza malo wopuma ntchito anayankha:

A mlembi, nkhani yanu imagwa m'midzi yambiri, ndipo gwero lake limakhala loti anthu amasakaniza mphamvu zitatu zosiyana. Pali mphamvu yonena kuti malo akuti ndi a uje, pali mphamvu yololeza kuti pamalopo pamangidwe chakuti, ndipo pali mphamvu yoletsa kuti chinthu china chisaonongedwe ngakhale chili pamalo a munthu. Wina akhoza kukhala mwini munda popanda womutsutsa, koma umwini umenewo sumupatsa ufulu wokumba zimbudzi pamwamba pa kasupe wa anthu onse. Mayiko amagawa mphamvuzi mosiyanasiyana, choncho choyamba chimene mungachite ndi kupempha khonsolo kuti ikuyankheni molemba, ndiponso itchule ndime ya lamulo yomwe ikuimapo.

Ndipereke zitsanzo ziwiri zoonetsa kusiyanako. Ku England kuli makhonsolo ang'onoang'ono a m'midzi otchedwa parish council, omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1894. Iwo ali ndi ufulu wodziwitsidwa za mapempho omanga m'dera lawo ndi kuperekapo maganizo, koma chigamulo chimapangidwa ndi khonsolo yaikulu. Maganizo awo amakhala ndi mphamvu pokhapokha akakhudza zinthu zimene lamulo limaziwerengera, monga madzi, ngalande, msewu kapena mitengo, pomwe kungonena kuti anthu sakufuna sikupita nawo patali. Mu 2011 kunabwera lamulo lolola midzi kulemba mapulani awoawo osonyeza komwe kungamangidwe ndi komwe kuyenera kusiyidwa, ndipo mapulaniwo akavomerezedwa pa riferendamu ndi oposa theka la ovota, amasanduka mbali ya zomwe khonsolo yaikulu imatsata pogamula. Ku Tanzania zinthu zili mwina. Lamulo la malo a m'midzi la 1999 linapereka udindo woyang'anira malo kwa khonsolo ya mudzi, koma khonsoloyo singagawe malo popanda chivomerezo cha msonkhano wa anthu onse akuluakulu a m'mudzimo. Mukaonetsetsa, konsekonse kagulu ka anthu ochepa okhala m'komiti sikapatsidwa mawu omaliza pakokha. Kwina kamayankha ku ofesi ya pamwamba, kwina kamayankha kwa anthu onse.

Pakadali pano lemberani khonsolo kalata yokhala ndi zoyezeka. Tengani chingwe muyeze mtunda wochokera pakasupe kufika pomwe njerwa zaunjikidwa, ndipo mulembe ngati malowo ali kumtunda kapena kumunsi kwa kasupeyo. Malangizo omwe mabungwe a zaukhondo amatsata kwambiri amati chimbudzi chokumba chitalikirane ndi potunga madzi ndi mamita osachepera 30, chikhale kumunsi, ndipo pansi pa dzenje pakhale pamwamba pa madzi a m'nthaka ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Nyumba za lendi zimatanthauza anthu ambiri ndi zimbudzi zingapo. Kalata yotere imadzutsa ofesi msanga kuposa dandaulo la pakamwa, chifukwa amene waisunga osachitapo kanthu amadziwa kuti tsiku lina adzafunsidwa. Wopemphayo muuzeninso molemba kuti zomwe komiti inagwirizana zinali maganizo chabe, ndipo asadule mtengo uliwonse chilolezo chisanatuluke, popeza madzi akatayika saoleka.

Mphunzitsi wa zachilengedwe anayankha:

Zomwe bambo woyeza malo anena n'zoona, koma ndikuopa kuti a mlembi angatengepo phunziro lakuti chitetezo cha kasupe chili mu ofesi ya khonsolo. Ofesi imene yalephera kutumiza munthu kudzaona malo kamodzi kokha singadzayang'anire mitengoyo chaka ndi chaka. Chilolezo chikhoza kukanidwa mawa, mitengo n'kumathabe umodziumodzi usiku, ngati anthu okhala pafupi sakuona kuti nkhalangoyo ndi yawo.

Nkhaniyi inafufuzidwa mozama ndi Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphotho ya Nobel pa maphunziro a zachuma, mu 2009. Nthawi imeneyo isanafike akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti chinthu cha anthu onse chimaonongeka basi, pokhapokha boma litachilanda kapena chitagulitsidwa kwa munthu mmodzi. Iye anasonkhanitsa umboni wa midzi yomwe yasunga msipu, nkhalango ndi ngalande zothirira kwa zaka mazanamazana, n'kufunsa kuti midziyo imafanana pa chiyani. Umodzi mwa midziyo ndi Törbel, wa m'mapiri a ku Switzerland. Anthu akumeneko ali ndi chikalata cha 1483 chofotokoza amene ali ndi ufulu pa msipu ndi nkhalango za mudzi, ndipo chimanenetsa kuti mlendo wogula malo m'mudzimo sapata ufulu umenewo chifukwa chongogula. Mu 1517 anaika lamulo loti munthu asatumize ku msipu wa onse ng'ombe zochuluka kuposa zomwe angathe kuzidyetsa yekha m'nyengo yozizira. Taonani nzeru yake: lamulolo silifuna mlonda wophunzira, chifukwa aliyense amadziwa kukula kwa khola ndi mulu wa udzu wouma wa mnzake. Mitengo yoti idulidwe inkaikidwa chizindikiro ndi akuluakulu a mudzi, kenako n'kugawidwa kwa mabanja mochita maere, kuti pasakhale wonena kuti uje wakonderedwa.

Zimene Ostrom anapeza m'midzi yotere ndi izi: malire a chinthucho ndi a anthu ochigwiritsa ntchito amadziwika bwino, omwe malamulo amawakhudza amatenga nawo mbali powapanga ndi powasintha, oyang'anira amachokera pakati pa anthu omwewo ndipo amayankha kwa iwo, zilango zimayamba pang'ono n'kumakula munthu akabwereza, ndipo boma limavomereza kuti mudziwo uli ndi ufulu wodzipangira malamulo. Mfundo ya zilango ndimaiona kuti ndi imene makomiti amaiphonya kwambiri. Amaika chindapusa chachikulu kuti anthu aope, koma tsiku lomwe wogwidwa ndi mbale wa wapampando kapena mayi wamasiye, palibe amalimba mtima kumulipiritsa, ndipo kuyambira pamenepo lamulolo lafa. Chenjezo pamaso pa anthu ulendo woyamba, kachindapusa kochepa ulendo wachiwiri, zimatheka kuzichita kwa aliyense.

Ku Nepal boma linatenga nkhalango zonse kukhala zake mu 1957, ndipo anthu a m'midzi atasiya kuziona ngati zawo, kudula mosasamala kunakula. Lamulo la nkhalango la 1993 linapereka udindo kwa magulu a anthu ozigwiritsa ntchito, omwe tsopano alipo oposa 22,000. Nthaka ikadali ya boma, ndipo gulu limalemba dongosolo lake lomwe ofesi ya zankhalango imavomereza, koma kudula, kulondera ndi kugawa zili m'manja mwa gululo. Mapiri ambiri omwe anali atayera anaphukanso. Choncho ntchito ya komiti yanu, a mlembi, ndi yaikulu kuposa kupereka kapena kukana chilolezo, ndipo khonsolo singakugwirireni.

Ndiwonjezere kanthu kamodzi ka pakasupe penipeni. Mitengo yachilengedwe, masamba ogwa ndi udzu wa pansi pake zimachedwetsa madzi a mvula kuti alowe m'nthaka m'malo mothamanga pamwamba, ndipo madzi olowawo ndi amene amatuluka pakasupe m'chilimwe. Wina akadzalonjeza kuti adula yachilengedwe n'kubwezeretsa bulugamu, musavomere, chifukwa bulugamu amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake sipamera zambiri.

Mayi wa m'komiti ya madzi anayankha:

Ine chandikhudza n'chakuti amayi otunga madzi anamva zitatha. A mlembi, kodi msonkhanowo unalengezedwa kwa ndani, ndipo unachitika nthawi yanji? Msonkhano woitanidwa nthawi imene amayi ali pa ntchito za pakhomo umakhala utawachotsa kale ngakhale pasakhale wowaletsa. Ku India, kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa 1992 kunalamula kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya m'makhonsolo a m'midzi, kuphatikizapo mipando ya apampando, likhale la amayi. Akatswiri awiri, Raghabendra Chattopadhyay ndi Esther Duflo, atafufuza m'madera a West Bengal ndi Rajasthan, anapeza kuti makhonsolo otsogozedwa ndi amayi ankaika ndalama zambiri pa madzi akumwa. Amene amasenza ndowa ndi amene amayamba kudziwa kuti kasupe wachepa mphamvu.

Chachiwiri, mwanena kuti ena anavomera chifukwa wopemphayo amathandiza mudzi. Kodi mwa ovomerawo munalibe abale ake, kapena oyembekezera kudzagwira ntchito yomangayo? Munthu wotere ayenera kunena poyera n'kutuluka nkhaniyo ikamakambidwa, ndipo inu monga mlembi mulembe m'kaundula wa msonkhano kuti anatuluka. Kwa aphunzitsi ndingonena kuti za ku Nepal zili ndi mbali ina. M'magulu ena mipando inagwera anthu opeza bwino, omwe anatseka nkhalango kuti iphuke, ndipo amene anavutika anali osauka odalira nkhuni tsiku ndi tsiku, pomwe olemera anali ndi mitengo m'minda yawo. Mitengo ikhoza kubwerera anthu ena akulira.

Mlimi wa m'mphepete mwa nkhalango anayankha:

Palibe amene wayankhula zomuganizira bambo wopemphayo, ndiye ndiyankhule ine. Banja lake lasunga mitengo imeneyo zaka zonsezi pomwe ena anagwetsa yawo kalekale n'kumanga popanda wowafunsa. Lero poti yatsala ndi yake, mudzi wonse ukufuna kuti iye yekha asenze mtolo wosunga madzi a onse. Sindikunena kuti aloledwe kumanga pamwamba pa kasupe, ayi, koma ngati mudzi ukumuletsa kugwiritsa ntchito malo omwe banja lake limawadziwa kuti ndi ake, umupezere malo ena kumunsi, kapena umusiyire ufulu wina pankhalangopo, monga kuika ming'oma ya njuchi ndi kutola nkhuni zouma. Iye anatsata njira, anapempha ndipo anayankhidwa kuti inde. Mukangomutembenukira tsopano ngati wolakwa, wotsatira sadzabweranso kudzapempha.

Mlembi wa komiti ya mudzi anayankhanso:

Zikomo nonse. Mayi a komiti ya madzi, msonkhanowo unali wa mamembala okha, ndipo mwa ovomerawo munalidi achibale a wopemphayo. Tigwirizana zoitanitsa msonkhano wa mudzi wonse. Chomwe ndikufuna kudziwa kwa bambo woyeza malo n'chakuti, ngati tikufuna kuika malire a kankhalangoko kuti nkhani yotere isadzabukenso, tiyambire pati, popeza tilibe zipangizo zoyezera?

Woyeza malo wopuma ntchito anayankhanso:

Zipangizo zimabwera pomaliza. Yambani ndi kuyenda malirewo masana, muli pamodzi ndi mabanja onse omwe minda yawo yagundana ndi nkhalangoyo, akuluakulu odziwa mbiri ya malowo, amayi otunga madzi, ndi bambo wopemphayo. Paliponse pomwe mzere ukukhota imani, mugwirizane, ndipo muikepo chizindikiro chosasunthika monga mwala waukulu wopakidwa penti kapena chipilala cha simenti, chifukwa mtengo wa malire umadulidwa ndipo chikhomo chimazulidwa. Foni yamakono iliyonse ili ndi GPS yomwe ingakupatseni manambala a pamalopo. Imaphonya ndi mamita angapo, makamaka pansi pa mitengo, choncho manambalawo ndi ongothandiza kupezanso chizindikirocho, ndipo umboni weniweni ndi chipilala ndi anthu amene anaona chikuikidwa. Pomwe mabanja awiri sakugwirizana musakakamize tsiku lomwelo, lembani kuti pamenepo pali mkangano n'kupitirira.

Mukamaliza jambulani mapu a pamanja, mulembe kunsi kwake zololedwa ndi zoletsedwa m'kati mwa malirewo, ndipo ziwerengedwe mokweza pa msonkhano wa mudzi wonse anthu asanasainire. Makope akhale atatu, ina kwa inu, ina kwa mtsogoleri wa mudzi, ina ku khonsolo, ndipo yanuyo akaidinde ku khonsoloko ndi tsiku lomwe alandirira. Nkhani ya malo osinthanitsa imene bambo mlimi aitchula ikambidwe pa msonkhano womwewo, malire asanatsekedwe, kuti wopemphayo adzasaine akudziwa komwe njerwa zake zikupita.