Akufuna ndiwakopere buku lonse la Biology, makope 35

Nabanda (Santhe): Mwadzuka bwanji nonse pagulu lathu lino la ogwira ntchito m'malaibulale. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Paja ndinakuuzani kuti laibulale yathu ya kumudzi kuno inalandira makina a fotokope mwezi wathawu, tinasangalala mpaka a mfumu anabwera kudzawaona. Ndiye dzulo kwabwera mphunzitsi wa sekondale ina yoyendera chapafupi pano atanyamula buku la Biology la Fomu 4, akuti pasukulu pawo lilipo limodzi lokhalo, ndiwakopere lonse kuyambira chikuto mpaka tsamba lomaliza makope 35 kuti ana akonzekere MSCE, makolo asonkha kale ndalama. A tcheyamani a komiti yathu atamva akuti landirani ntchitoyo mayi, ndalama ya tona (inki ya makinawo) ituluka pomwepo komanso ya mlonda yemwe sanalandire miyezi iwiri. Ine mtima ukukana koma ndikusowa chowayankha. Thandizeni chonde

Mwale (Kasungu boma): Mayi Nabanda musayerekeze. Musagwire n'komwe bukulo.

Gift (Chamama): kkkk a Mwale mwayamba kuopseza anthu m'mawa uno. Pa trading centre iliyonse anyamata akukopa mabuku tsiku ndi tsiku, munamvapo kuti wina wamangidwa? Anawo alemba mayeso ndi chiyani, mpweya?

Mwale (Kasungu boma): Achimwene a Gift, kuti ena akuba chimanga m'munda osagwidwa sizitanthauza kuti ife tikathyole nawo. Lamulo loteteza eni ake a mabuku ndi nyimbo lilipo, Copyright Act ya 2016 yomwe inalowa m'malo mwa ya 1989, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA (Copyright Society of Malawi) lomwe linayamba 1992. Anthu ambiri akamva COSOMA amangoganiza za oimba ndi ma bar ndi mawailesi basi, koma nkhani ya fotokope ya mabuku imawakhudzanso, amapereka layisensi ya zimenezo. Tsono mnyamata wa pa trading centre akaona zavuta amangotseka kontena yake n'kusamukira kwina, ife laibulale ili ndi chikwangwani panja, ili ndi komiti, ili ndi ma dona omwe amafuna malipoti. Ndipo dzina lidzatchulidwa pa nkhaniyo si la a tcheyamani ayi, ndi la amene anadina batani.

Nabanda (Santhe): Eee ndiye ineyo amene

Naphiri (Kamwendo): Ndiloleni ndilowepo poti zinandichitikira chaka chatha, kungoti kwa ine linali buku la Chichewa. Chomwe ndinaphunzirapo n'choti lamulo silikukaniza kukopa kulikonse ayi. Mwana kapena munthu wamkulu akafuna kachigawo kochepa koti akawerenge payekha, kapena mphunzitsi watenga ndime yoti apereke chitsanzo m'kalasi atatchula wolemba ndi buku lake, zimenezo zili ndi mpata. Nafenso a laibulale tili ndi mpata wathu wokopa pofuna kusunga chinthu chomwe chikung'ambika chisatheretu. Koma zanuzi mayi zaphatikiza zoipa zonse pamodzi, buku lathunthu, makope ambirimbiri, buku loti likugulitsidwa m'mashopu a mabuku panopa, kenako mulandirepo ndalama. Pamenepo ndiye mwasanduka kampani yosindikiza mabuku popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo wolembayo mwina ndi mphunzitsi mnzathu wopuma ntchito yemwe amadikira kangachepe kuchokera pa bukulo

Gift (Chamama): Nanga wolembayo akakhala kuti anamwalira?

Naphiri (Kamwendo): Ufulu wake suthera kumanda achimwene, umapitirira zaka 50 iye atamwalira, amadyerera ndi ana ake kapena amene anawasiyira. Buku la silabasi ya panoyi silingakhale kuti ladutsa pamenepo.

Gift (Chamama): Chabwino ndamva, koma ine funso langa likadalipo. Ana 35, buku limodzi. Tingowauza kuti lamulo lakana basi azipita? Tisamakhale ngati ophunzira kwambiri pomwe kumudzi zinthu zili pena. Ine anawa ndimawaona, ena amayenda wapansi mtunda wautali kudzangowerenga ola limodzi dzuwa lisanalowe

Mwale (Kasungu boma): Apo ndiye mwanena zoona, ndipo sindikutsutsani. Njira yomwe imatithandiza ife ndi shelefu ya mabuku osatuluka panja. Buku lofunidwa ndi anthu ambiri timaliika kuseri kwa kauntala, munthu amasaina, amawerenga maola awiri momwemo n'kubweza. Ana akabwera asanu asanu buku limodzi limawakwanira, amalemba manotsi okha, ndipo kunena zoona amene walemba ndi dzanja lake amakumbukira kuposa amene wangopinda fotokope n'kuika m'thumba. Chinanso mayi Nabanda, muwerengere mphunzitsiyo masamu. Bukulo lili ndi masamba angati?

Nabanda (Santhe): Apitirira 200. Ife timatchaja K100 pa tsamba

Mwale (Kasungu boma): Ndiye onani, 200 kuchulukitsa ndi K100 ndi K20,000 kope imodzi, makope 35 ndi K700,000. Kaya makolowo asonkha zingati, koma ngakhale itakhala theka la imeneyo akhoza kugula mabuku enieni angapo olimba bwino, okhala ndi zithunzi zooneka, osati fotokope yoti chithunzi cha mtima chimatuluka ngati chitumbuwa chopserera. Mabukuwo atsala pasukulu, a Fomu 4 a chaka chamawa adzawapeza. Komanso masamba 7,000 pa makina ang'onoang'ono ngati anuwo, drum yake, chipangizo chija chodinda inki pa pepala, ifa mwezi usanathe, amene angakonze muchita kukamutenga ku Lilongwe.

Nabanda (Santhe): Iiii za makinazo ndiye a tcheyamani amva msanga kuposa za lamulo kkkk

Zione (Nkhamenya): Ndangolowa kumene netiweki inavuta. Ndiwonjezere ziwiri. Choyamba si zonse zili pa intaneti kapena m'mabuku zoletsedwa kukopa, pali zomwe eni ake anazimasula ndi layisensi ya Creative Commons. Ife nthano za ana a pulayimale timatenga pa webusayiti ya African Storybook, zilipo za Chichewa, timapulinta popanda mantha bola dzina la wolemba lisachotsedwe. Za Biology pali OpenStax yaulere pa intaneti, kungoti inalembedwera ana a koleji a ku America ndiye mphunzitsi achite kusankha mitu yogwirizana ndi silabasi yathu, asangowapatsa ana yonse angasokonezeke. Chachiwiri poti kuno ku Kasungu tili ndi sukulu ya ana osaona ku Chilanga, dziwani kuti nkhani yawo ndi ina. Dziko lathu linalowa nawo mu pangano la Marrakesh mu 2017, lomwe cholinga chake n'choti mabuku azitha kusinthidwa kukhala braille kapena mawu omvetsera a anthu osaona. Ndiye wina akadzabwera ndi pempho lotere musadzamubweze ndi yankho lomwe mupatse mphunzitsi uyu

Naphiri (Kamwendo): Zoona achemwali. Ndipo mayi Nabanda mumate chidziwitso pakhoma pamwamba pa makinawo, chachikulu, m'Chichewa. Chathu chimati sitikopa buku lathunthu, munthu mmodzi kope imodzi, osapitirira chaputala chimodzi. Malire a chaputalawo tinadziikira tokha ndi komiti kuti pasamakhale kukangana pa kauntala. Zimathandiza chifukwa munthu akayamba kukunyengerera umangoloza pakhoma, amakwiyira pepala osati iwe. Ndipo ngati mukuona kuti ntchito yokopa izichuluka lemberani kalata a COSOMA ku Lilongwe muwafotokozere mtundu wa laibulale yanu ndi zomwe mumakopa, akuuzeni okha za layisensi, kalata yawoyo muisunge mu fayilo.

Gift (Chamama): Ife tili ndi hadikava yomwe aliyense wokopetsa amalembamo dzina, mudzi, nambala ya foni ndi chomwe wakopa. Imakhala pa tebulo pompo aliyense amalemba yekha

Zione (Nkhamenya): A Gift hadikavayo ichotseni pa tebulo lero lomwe!! Pano kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, oyang'anira ake ndi MACRA, dzina ndi nambala ya foni ya munthu si zoti aliyense wolowa azingowerenga. Kwathu anyamata ena ankatenga manambala a atsikana a Fomu 3 mu rejisitala n'kumawaimbira usiku, kholo lina linabwera litalusa zedi ndipo linali ndi chifukwa. Panopa rejisitala ndimalemba ndekha, imakhala mu drawa yokhoma, ndipo mwana wasukulu sindimufunsanso nambala, nanga ndiichite chiyani. Taganizaninso munthu wakopetsa masamba a za matenda ena ake kenako mnzake wa m'mudzi momwemo akuwerenga dzina lake pamenepo

Gift (Chamama): Mmm apa ndiye mwandigwira pakhosi. Drawa yathu ilibe loko koma ndigula mawa pa tsiku la msika

Nabanda (Santhe): Ndabwerako kwa a tcheyamani. Poyamba anati anthu a pagulu lanulo ndi amantha, koma nditawawerengera za masamba 7,000 ndi drum anangoti zii, kenako akuti ndiye ya mlonda tiipeza kuti. Ndawauza kuti ma ID, makalata ofunsira ntchito, ma satifiketi ndi mafomu a kalabu za fodya tizikopabe, ndalama izibwera pang'onopang'ono. Mphunzitsi uja ndamuimbira, sanasangalale, akuti akakambirana ndi makolo Lachisanu za kugula mabuku, koma wavomera kuti likapezeka lina limodzi lizikhala kuno ana azidzawerenga masana m'magulu. Mayi Naphiri tajambulani chidziwitso chanucho munditumizire ndikope mawu ake

Naphiri (Kamwendo): Ndikutumizirani ndikafika ku ofesi. Chimenecho kopani chonse, makope 35 ngati mukufuna, mwini wake ndine ndavomera kkkk