Breaststroke ikundisiyitsa anzanga pa medley, ndithandizeni nzeru

Moni nonse a pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene munayamba kusambira mwakhama mutakula kale, komanso kwa makochi ngati mulipo.

Ndine mayi wa zaka za m'ma 40 ndipo ndimasambira ndi timu ya Masters, ya osambira akuluakulu. Freestyle (kusambira chafufumimba mosinthanitsa manja) ndi chagada ndimayendera limodzi ndi anzanga a mumzere wathu. Butterfly (kuponya manja onse awiri nthawi imodzi, miyendo ili pamodzi) imanditopetsa koma ndimafika. Vuto lili pa breaststroke, kusambira kokankha miyendo ngati chule. Tikamapanga medley, yomwe timasambira masambiridwe onse anayiwa motsatizana, ikangofika breaststroke amene anali kumbuyo kwanga amayamba kundigunda mapazi, ndiye ndimaima pakhoma kuti adutse. Freestyle yomaliza ndimaiyamba iwo ali kutali.

Miyendo yanga sigwira madzi. Ndikatenga bolodi n'kumakankha ndi miyendo yokha, sindiyenda kwenikweni. Mapazi amakana kutembenukira kunja, akakolo ndi ouma, ndipo ndikakakamiza bondo lakumanzere limapweteka cham'kati.

Anzanga ena akuti pa gawo la breaststroke ndizingosambira freestyle kuti mzere usamaime. Mtima wanga sukulola, chifukwa ndikufuna kudzapikisana nawo pa medley ya mamita 100, ndipo pampikisano sungalumphe gawo. Kodi akakolo a munthu wamkulu angafewebe? Nanga ndi bwino kutsikira mumzere wa oyenda pang'onopang'ono pa masiku a medley okha?

Mayankho

Kochi: Mayi, yambani ndi bondolo. Kupweteka kwa m'kati mwa bondo n'kofala kwa osambira breaststroke, ndipo nthawi zambiri kumabwera munthu akamatang'adza kwambiri mawondo n'kumakankha mwamphamvu asanatenthetse thupi. Likapweteka siyani pomwepo, likapitiriza kaonaneni ndi dokotala wa mafizo. Poyeserera, gonani chagada, manja m'mbali mwa ntchafu, n'kumakoka zidendene mpaka zikhudze zala zanu. Mawondo asatuluke pamwamba pa madzi. Akatuluka ndiye kuti mukukokera ntchafu kumimba, ndipo ntchafuzo zimatchinga madzi n'kukuimitsani. Mukokere zidendene kumatako pang'onopang'ono, liwiro muliike pokankha, mapazi akumane pomaliza. Akakolo amafewa ndithu, kungoti zimatenga miyezi, ndipo ena mafupa awo salola kutembenuka kwambiri.

Bambo wina wa Masters: Achemwali, musaiyerekeze ndi freestyle yanu. Breaststroke ndi yochedwa kuposa masambiridwe onse anayi. Adam Peaty anaika rekodi ya dziko lonse ya breaststroke ya mamita 100 mu 2019 ndi masekondi 56.88, pamene Pan Zhanle anasambira freestyle ya mtunda womwewo masekondi 46.40 ku Paris mu 2024. Ambiri amene ndawaona akutsalira si kuti alibe mphamvu, koma amathamangira kukoka manja miyendo isanamalize ntchito yake. Yesani kukankha kawiri n'kukoka manja kamodzi, mukawongoka thupi mudikire kaye madzi akutengeni.

Mayi wina: Ine za kusintha n'kupanga freestyle sindikugwirizana nazo. Chimene ukuchithawa pa thireningi sichingakonzeke pa tsiku la mpikisano. Kutsikira mumzere wina palibe manyazi, kapena khalani mumzere wanu womwewo koma muzinyamuka womaliza kuti pasakhale wokugundani mapazi. Tsiku limene bondo lavuta, valani fins (zipsepse zovala kumapazi), manja muzikoka a breaststroke koma miyendo ya butterfly. Pampikisano zimenezi saloleza, koma poyeserera zimasunga manja ndi mpweya bondo likupuma.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndilankhula ndi kochi wathu kuti ndizinyamuka womaliza. A Kochi, zogona chagadazo ndizichita kumayambiriro ndikangotenthetsa thupi, kapena kumapeto anzanga akatuluka? Ndipo ndizipanga mamita angati bondo lisanatope?