V8 ikuwira galimoto ikangoima, thandizeni

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Joni kuno, ndikumanga Ford F100 ya 1965, ndinaikamo injini ya V8 (ya masilinda 8) ya Chevy 350 ija ya malita 5.7 ndi giyabokosi ya TH350. Vuto ndi loti ikangoima pa maloboti madzi amatentha mpaka kuwira, koma ikamathamanga pamsewu waukulu ili bwinobwino. Ndaika kale redieta ya aluminiyamu, thermostat yatsopano, fani yamagetsi, timing nayonso amakaniko anaiona koma palibe chasintha. Faniyo ilibe shroud (chotchinga chozungulira fani chothandiza kuti izikoka mpweya kudzera mu redieta), malo ndi ochepa kutsogoloku. Ndiye vuto ndi limenelo, kapena mwina ndinagula water pump yozungulira chobwerera ija ya lamba wa serpentine (lamba mmodzi wautali woyendetsa zonse)? Ku ma show a magalimoto timalowa pamzere pang'onopang'ono, sindingapite nayo chonchi. Amene munaikapo injini imeneyi munatani?