Kodi mawu akuti "ndere" amafika mpaka kunyanja ya mchere?

Mphunzitsi wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, ndithandizeni. M'buku la sayansi la Chipwitikizi muli mawu akuti algas, ndipo ana ndawauza kuti ndi ndere. Koma chithunzi chake ndi zomera zazitali za m'nyanja ya mchere, monga za ku Inhambane. Ndere zomwe ndinakula nazo ine ndi zobiriwira zoterera za pamiyala ya kudambo. Kodi makolo athu mawuwa ankawafikitsa pati?

Gogo wa ku Furancungo:
Aphunzitsi, ndere sizinali za m'madzi zokha ayi. Zotuwa zija zomata pathanthwe ndi pamakungwa a mitengo nazonso tinkati ndere. Chilichonse chomera chongokakamira, chopanda muzu, tsinde kapena duwa, chinali ndere. Mtsuko ukakhalitsa osatsukidwa, amayi ankakalipa kuti wachita ndere.

Msodzi wa ku Cahora Bassa:
Kuno ana a masiku ano chilichonse choyandama akuti ndere, mpaka namasupuni! Namasupuni ali ndi mizu yolendewera ndi maluwa, ndipo ndi mlendo, kwawo ndi ku South America. Kakombo naye ali ndi dzina lake, gumbwa ndi bango chimodzimodzi. Ndere zenizeni ndi zimene zimatidetsera maukonde ndi kutigwetsa padoko. Komatu tisazinyoze, nsomba za pende zimadya zomwezo. Zina ndi zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, zimadyedwa ndi tizilombo ta m'madzi, kapenta nkudya tizilomboto. Chimangireni damu la Cahora Bassa mu 1974 madzi anadekha, ndipo ndere zimakonda madzi odekha.

Mayi wa ku Moatize:
Ine ndikukana pang'ono, agogo. Makolo athu a ku Angónia ndi Macanga nyanja ya mchere ankaionera kuti? Zomera za kumeneko zili ndi maonekedwe a masamba, zina zofiira, zina zoderako, ndipo ku Zanzibar amayi amachita kuzilima pazingwe nkumagulitsa. Chinthu cholimidwa tingachitche ndere?

Gogo wa ku Furancungo:
Mwanawe, bowa akulima masiku ano, wasiya kukhala bowa? Funsa ngati zili ndi mizu ndi maluwa.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe:
Zilibe, agogo. Zimangogwira pamwala ndi kaphazi kake, chakudya sizikoka m'nthaka. Ndiye ndiziti ndere za m'nyanja ya mchere. Vuto latsala ndi la zotuwa za pathanthwe zija, chifukwa buku likuziika pagulu lina, akuti ndi nkhungu ya mtundu wa bowa ndi ndere zokhalira pamodzi. Alipo wa ku Tsangano kapena Chifunde amene anamvapo dzina lawo lapadera?