Maphunziro a ACT: ndikati "kuvomereza", odwala akumva "kupirira"

Mlangizi, Salima: Anzanga, ndithandizeni. Ndamaliza maphunziro a pa intaneti a ACT (Acceptance and Commitment Therapy, njira ya uphungu yothandiza munthu kulandira maganizo ovuta n'kupitiriza kuchita zofunika pa moyo wake), ndalama zanga zathera pa data, koma nditafika m'chipinda cha uphungu zinthu zasokonekera. Mayi wina amene PHQ-9 yake (mafunso oyezera kukula kwa matenda a kukhumudwa) inafika 16, wodandaula za kuganiza kwambiri, nditamufotokozera za kuvomereza (acceptance) anandiyankha kuti anankungwi ake anamuuza kale zomwezo, kuti banja ndi kupirira. Pa ulendo wachitatu ndi pamene ndinadziwa kuti amuna ake amamumenya. Kodi acceptance ndi defusion (kuona ganizo ngati ganizo chabe, osamatirira kwa ilo) mumazinena bwanji m'Chichewa, ndipo satifiketi yotereyi imawerengedwa pa CPD, maphunziro opitiriza aja amene khonsolo imafuna kwa ogwira ntchito?

Namwino, Nkhotakota: Achemwali, mawu akuti kuvomereza ndinawasiya kalekale. Chimene ACT imati tichilandire ndi maganizo ndi ululu wa mumtima, osati ndodo ya mwamuna, ndipo mayi ameneyo ayambe wadziwa za Victim Support Unit ya ku polisi musanapitirize china chilichonse. Buku laulere la WHO la 2020, Doing What Matters in Times of Stress, maziko ake ndi ACT ndipo limayerekeza ganizo lovutitsa ndi mbedza imene yakola munthu. Kuno kunyanja palibe amene amafunsa kawiri. Ndimati, "Mbedza yakukolani, ionetsetseni, itchuleni dzina, kenako bwererani ku chimene mumachita."

Kiliniko ofesala, Dwangwa: Vuto si Chichewa ayi. Vuto ndi lakuti mwaphunzira kwa mavidiyo popanda wokuyang'anirani. Mukadakhala ndi supervision, nkhanzazo zikadatulukira pa tsiku loyamba.

Mlangizi wa achinyamata, Chipoka: Ine chenjezo langa lili pa mindfulness, kuika maganizo onse pa zimene ukumva pakali pano, komwenso ndi mbali ya ACT. Madzi atasefukira ku Dwangwa mu 2024 ndinathandizako pa msasa wina, ndipo ndinauza gulu la amayi kuti atseke maso n'kumvetsera thupi lawo monga ndinaphunzirira. Sipanathe mphindi zitatu, mayi wina anayamba kukuwa kuti madzi afika m'khosi, ndipo gulu lonse linabalalika. Kuyambira tsiku limenelo munthu amene wakumana ndi zoopsa sindimutseketsa maso. Amaponda pansi zolimba, n'kutchula zinthu zimene akuona ndi zimene akumva. Amene akumva mawu osaoneka eni ake, kapena akulingalira zodzipha, njira zimenezi zidikire kaye.

Kiliniko ofesala, Dwangwa: Ndi zomwe ndikunenazo. Wokuyang'anirani akadakuletsani musanalowe pa msasapo.

Namwino, Nkhotakota: Bambo, palibe akutsutsa, koma woyang'anira wodziwa ACT timupeza kuti kuno? Self-Help Plus, pulogalamu ya gulu yochepetsera nkhawa yochokera ku ACT, imene WHO inatulutsa mu 2021 itayesedwa pakati pa amayi othawa nkhondo a ku South Sudan ku Uganda, inakonzedwera malo ngati athuwa: misonkhano isanu, gulu lofika anthu 30. Palinso nkhani ya chipembedzo. Shehe wina anandifunsa ngati sindikuphunzitsa anthu ake mapemphero achilendo, ndipo ndinamuuza zoona, kuti Jon Kabat-Zinn poyambitsa MBSR, pulogalamu ya mindfulness yochepetsera nkhawa, mu 1979 anatengera kusinkhasinkha kwa Chibuda, koma kuti m'chipatala mulibe kupembedza kulikonse. Kubisa zimenezi n'koopsa, chifukwa akadzazimva kwina sadzakukhulupiriraninso.

Mlangizi wa achinyamata, Chipoka: Za CPD funsani ku khonsolo imene munalembetsa musanalipirenso maphunziro ena, pakuti si satifiketi iliyonse ya pa intaneti imene imalandiridwa. Muonenso kuti MBCT, njira ina ya uphungu yogwiritsa ntchito mindfulness, ya masabata 8, inakonzedwera amene anachira kale matenda a kukhumudwa kuti asabwererenso, ndipo woiphunzitsa amayenera kukhala woichita yekha tsiku ndi tsiku.

Kiliniko ofesala, Dwangwa: Ngakhale Self-Help Plus yomweyo imafuna kuti otsogolera gulu aphunzitsidwe ndi kuyang'aniridwa. Ngati katswiri palibe, tizikumana tokha kamodzi pa mwezi, aliyense abwere ndi nkhani ya wodwala mmodzi popanda dzina. Funso langa ndi lakuti wolipira thiransipoti ya ku Salima adzakhala ndani.